Kakyuleta imangolawa, siimaliza mphika

Lachisanu lina usiku, nditangomaliza kudya mgonero, foni idalira. Adali mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe ali m'chaka choyamba cha maphunziro a uinjiniya pasukulu ina ya ukachenjede mumzinda wa Blantyre. Moni sadapereke n'komwe.

"Amalume, kakyuleta ija yafa. Ikungondipatsa mayankho abodza."

Kakyuleta yakeyo si yamasewera. Ndi TI-84 Plus, ija ya galasi lalikulu yomwe imajambula ma graph. Achimwene ake adamutumizira kuchokera ku Johannesburg atagula kwa munthu amene adaigwiritsapo kale ntchito. Pa asayimenti yoyamba ya masamu mwanayu adalakwa mafunso anayi, onse a integration, ndipo onse adadutsira pamakinawo. Asayimenti yachiwiri imafunika Lolemba. Malikisi a ma asayimenti amawaphatikiza ndi a mayeso omaliza, ndiye akapitiriza kutaya chonchi, phunzirolo alibwereza. Kwathu kubwereza si nkhani ya manyazi okha. Ndi fizi, lendi ya chipinda ndi chakudya cha chaka china, ndalama zomwe mlongo wanga amazipeza movutikira pogulitsa kaunjika.

Ine ndidaphunzitsa masamu kusekondale kwa zaka zambiri, choncho pabanja pathu chilichonse chokhala ndi manambala chimathera kwa ine. Ndidamuuza kuti abwere m'mawa mwake ndi makinawo komanso pepala lomwe aphunzitsi ake adachonga.

Kwa inu amene simudafike pa calculus, ndifotokoze kaye pang'ono. Tiyerekeze kuti muli ndi dimba lomwe mbali zake zitatu n'zowongoka, koma mbali yachinayi ndi mtsinje wokhotakhota. Kukula kwa dimbalo mungakudziwe bwanji? Mumaligawa m'timizere ting'onoting'ono, n'kuyeza kamzere kalikonse, kenako n'kuphatikiza. Timizereto tikamachepa, yankho limayandikira choona. Integration ndi imeneyo basi: kupeza kukula kwa malo omwe ali pansi pa mzere wokhota. Mainjiniya amaigwiritsa ntchito pofuna kudziwa kuchuluka kwa madzi omwe adutsa mumtsinje pa tsiku, dothi loti likumbidwe pomanga msewu, ngakhalenso magetsi omwe fakitale yagwiritsa ntchito.

Papepala timatsata malamulo omwe Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz adatulukira m'zaka za m'ma 1600, ndipo yankho limatuluka lenileni, lopanda chopungula. TI-84 siichita zimenezo. Ukadina MATH n'kusankha nambala 9, yomwe imatchedwa fnInt, makinawo amangopita pamalo angapo pakati pa poyambira ndi pothera, n'kuyeza kutalika kwa mzerewo pamalo amenewo, kenako n'kuyerekeza kukula kwa malo onse. Amangolawa, ngati mayi wophika ndiwo. Kusiyana kwake n'kwakuti mayi amatakasa kaye asadalawe. Kakyuleta siitakasa. Mchere ukaunjikana pakona imodzi ya mphika, iyo ikuuzani ndi mtima wonse kuti ndiwozo zilibe mchere.

Sikuti imalawa mwachisawawa ayi. Njira yake imatchedwa Gauss-Kronrod. Mu 1814 katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, adaonetsa kuti ukasankha mwanzeru malo oyezapo, malo ochepa chabe amapereka yankho labwino kwambiri. M'zaka za m'ma 1960 Alexander Kronrod wa ku Russia adawonjezera malo ena pakati pa a Gauss aja, kuti pazituluka mayankho awiri oti n'kuwafananiza. Awiriwo akayandikana mokwanira, makina amaima n'kulemba yankho. Akasiyana, amadula mtundawo m'zigawo n'kulawanso. Muyezo wa kuyandikanako umatchedwa tolerance, ndipo pa fnInt umakhala 0.00001 ngati mwini wake sadausinthe. Ukachita integration yomweyo kuchokera pa graph, podina 2nd, CALC, kenako 7, muyezowo ndi 0.001. N'chifukwa chake njira ziwirizi nthawi zina zimasiyana manambala akumapeto, ana n'kumaganiza kuti makina asokonekera.

Loweruka m'mawa tidakhala pakhonde, pepala lochongedwa lili pakati pathu.

Funso loyamba lidali sin x kuchokera pa 0 kufika pa π. Aliyense amene adakhalapo m'kalasi ya calculus amadziwa kuti yankho ndi 2. Iye adalemba 0.086. Ndidamuuza adine MODE. Mawu oti DEGREE adali atada bii. Adakumbukira kuti sabata imeneyo adasintha makinawo pochita phunziro lina loyeza makona a malo, ndipo sadabwezeretse. Malamulo a calculus pa sin, cos ndi tan amayenda ndi RADIAN. Mu DEGREE makina adawerenga π ija ngati madigiri atatu ndi kakusefukira, m'malo mwa madigiri 180, ndiye adayeza kachidutswa kakang'ono ka mzerewo. Sadaname. Adayankha funso lomwe adafunsidwa.

Lachiwiri lidali la mabulaketi. Funso limafuna 1 kugawa ndi x+1, kuchokera pa 1 kufika pa 2, ndipo yankho lake ndi 0.4055. Iye adalemba 1/X+1, makina n'kugawa kaye 1 ndi X, kenako n'kuphatikiza 1, yankho n'kutuluka 1.6931. Akadalemba 1/(X+1) bwenzi atakhoza. M'gulu lomweli muli batani lija la chizindikiro cha nambala yochepera ziro, lomwe lili pansi pafupi ndi ENTER, lomwe ana amalisokoneza ndi batani lochotsera. Amenewo akasinthana, kawirikawiri makina amalemba ERR:SYNTAX, ndipo ukasankha Goto amakulozera pomwe pali vuto. Mulinso kusinthanitsa poyambira ndi pothera, komwe kumatembenuza yankho kukhala la minus. Zonsezi ndi zolakwa za zala, ndipo zimatha munthu akazolowera kuwerenganso zomwe walemba asadadine ENTER.

Funso lachitatu lidali lozama pang'ono. Limafuna kukula kwa malo pakati pa mzere wa x² − 4 ndi mzere wogona wa x, kuchokera pa 0 kufika pa 3. Makina adamupatsa −3, iye n'kungochotsa minus ija n'kulemba 3. Ndidamuuza ajambule graph. Adaona yekha kuti kuchokera pa 0 kufika pa 2 mzerewo uli pansi, ndipo umatulukira pamwamba kuchokera pa 2 kufika pa 3. Kwa fnInt, malo a pansi ndi ngongole, a pamwamba ndi phindu, ndipo imakupatsa zotsala ikachotsera. Pansi pali 5.333, pamwamba pali 2.333. Kuchotsera kumapereka −3, koma malo onse ndi 7.667. Mankhwala ake ndi kudula funsolo pa 2 n'kuchita zigawo ziwiri, kapena kukulunga function yonse mu abs kuti ngongole nayo iwerengedwe ngati malo. Mabuku a malangizo a Casio nawo amanena zomwezo: mzere ukamakwera ndi kutsika modutsa ziro, chitani chigawo chilichonse pachokha, muphatikize pamapeto. Ndanena za Casio chifukwa ophunzira ambiri kuno ali ndi ma fx-991, omwe sajambula graph koma ali ndi batani la integration, ndipo misampha yake ndi yomweyi.

Pamenepa ndidamuchenjezanso za chilembo cha E. Pamene yankho loona lili 0, nthawi zina makina amalemba nambala yothera ndi E-13 kapena E-14. Ndidaonapo ana akukopera manambala akutsogolo okha, E uja n'kumusiya. Chikhalirecho E-13 akutanthauza kuti nambalayo igawidwe ndi 10 maulendo 13. Ndi fumbi lotsala powerengetsera, ndipo pafunso lotere muliwerenge ngati ziro.

Lachinayi ndi lomwe lidamupweteka mtima. Lidali 1/x² kuchokera pa −1 kufika pa 1. Makina adakana, n'kulemba ERR:DIVIDE BY 0.

"Ndiye ndidangoti yayamba misala yake, n'kuchita pamanja," adatero. "Ndidapeza −2."

"Nanga 1/x² idayamba yakhalapo ya minus?" ndidamufunsa.

Adakhala chete kanthawi. Nambala iliyonse ukaichulukitsa ndi iyo yomwe, siituluka ya minus, choncho mzerewo uli pamwamba paliponse, ndipo malo a pansi pake sangakhale −2. Pa x = 0, pakati penipeni pa mtundawo, mzerewo umathawira kumwamba kosabwerera, ndipo malo a pansi pake alibe malire. Funsolo lidali msampha wa aphunzitsi, yankho lake n'lakuti integral imeneyi ilibe nambala. Pakati penipeni ndi amodzi mwa malo omwe njira ya Gauss-Kronrod imalawapo, ndiye makina adaponda pa ziro n'kukuwa. Apa kakyuleta ndiyo idanena zoona, mwini wake n'kuinyoza.

Uthenga wa ERR ndi bwenzi, ngakhale umakwiyitsa. DIVIDE BY 0 akukuuza kuti penapake m'njiramo pali dzenje. NONREAL ANS kapena DOMAIN akukuuza kuti walowa m'dera lomwe function yako siikhalako, monga square root kapena ln ya nambala ya minus. TOL NOT MET akukuuza kuti makina adula n'kudulanso koma mayankho awiri aja sakugwirizana. Apo pali zochita zitatu: kudula mtundawo wekha pamalo ovutawo, kufewetsa tolerance poilemba kumapeto kwa fnInt, mwachitsanzo 0.001, kapena kusintha funsolo papepala lisadapite kumakina. Tidayesa 1/√x kuchokera pa 0 kufika pa 1. Nawonso mzerewu umathawira kumwamba pa 0, koma malo ake ali ndi malire, ndipo ndi 2 ndendende. Makina amavutika nawo chifukwa amayenera kudula mobwerezabwereza pafupi ndi ziro. Koma ukaika u m'malo mwa √x papepala, funso lonse limasanduka 2 kuchokera pa 0 kufika pa 1, loti ngakhale mwana wa Fomu 1 angayeze ndi rula.

Tidamwa tiyi, ine ndikudzimva kuti uphunzitsi udakalipo. Kenako adatulutsa asayimenti ya Lolemba ija, n'kuloza funso lomwe lidamuimbitsa foni usiku.

Lidali e^(−x²) kuchokera pa 0 mpaka kosalekeza. Uwu ndi mzere uja wooneka ngati belu, womwe ndi msana wa phunziro la statistics. TI-84 ilibe batani la infinity, ndiye iye adaganiza bwinobwino kuti aike nambala yaikulu. Adaika 10000. Makina adayankha msangamsanga, popanda ERR aliyense: 0.

Apa ndiulule. Nanenso ndidayamba kukayikira makinawo. MODE idali bwino, mabulaketi adali bwino, minus adali woyenera. Ndidati mwina mabatire afooka, poti chinthu chogula kwa munthu sudziwa chidadutsa muti. Ndidatuma mwana kukagula mabatire anayi atsopano paokala. Yankho: 0. Tidafufuta zonse za m'makinawo n'kuyambiranso. Yankho: 0. Ndidati tijambule graph kuchokera pa 0 kufika pa 10000, ndipo galasi lidaonetsa mzere wogona pansi phwathalala, ngati likuvomereza kuti palibedi kanthu. Ola lathunthu lidatha, mphunzitsi wa zaka zambiri akulimbana ndi mabatire.

Chidandipulumutsa ndi pensulo. Ndidalemba manambala atatu kuseri kwa envelopu. Pa x = 0 mzerewo ndi wotalika 1. Pa x = 1 watsika kufika pa 0.37. Pa x = 5 watsala 0.000000000014. Ndiye kuti pakati pa 0 ndi 1 pokha pali malo oposa 0.37, ndipo yankho silingakhale ziro zivute zitani. Komanso chuma chonse cha funsoli chaunjikana m'masitepe atatu kapena anayi oyambirira a ulendo wa masitepe 10,000. Makina adamwaza malo ake olawapo pamtunda wonsewo. Ngakhale malo oyandikira kwambiri kuchiyambi adagwera kutali ndi kaphiri kaja, komwe mzerewo udafera kale. Yankho la Gauss lidati ziro, la Kronrod lidati ziro, awiriwo adagwirizana, makina n'kukhutira. Mboni ziwiri zomwe sizidafike pamalo a ngozi zidagwirizana kuti ngozi kudalibe.

Graph nayo idatipusitsa pa chifukwa chomwecho. Galasi la TI-84 Plus lili ndi timadontho 96 m'mbali ndi 64 chotsika. Ukalipatsa mtunda wa 10,000, kadontho kalikonse kamadumpha masitepe oposa 100, ndiye kaphiri konse kadabisala m'kadontho koyamba, kuseri kwa mzere woimirira. Titadina ZOOM 6, yomwe imaonetsa kuchokera pa −10 kufika pa 10, belu lija lidaonekera poyera.

Tidasintha 10000 uja n'kuika 5. Yankho lidabwera: 0.8862269. Mabuku amati yankho lenileni ndi theka la square root ya π, ndipo titadina pamakina omwewo, manambala adafanana. Mphwanga adagwira pakamwa.

"Ndiye kuti nambala yaing'ono yaposa yaikulu, amalume?"

Eya. Pa nkhani iyi kuchulutsa si kusamala. Njira yodziwira ngati wafika ndi kuyesa 3, kenako 5, kenako 10, n'kuona ngati yankho lakhazikika. Ngati mtunda wautali ukufunikadi, udule wekha: 0 kufika pa 5, kenako 5 kufika kutaliko, n'kuphatikiza. Wamuuza wolawa uja pomwe pali mchere.

Vutoli si la kakyuleta ya mphwanga yokha, ndipo si la kampani imodzi. Kakyuleta ya m'manja yoyamba kukhala ndi batani la integration idali HP-34C ya kampani ya Hewlett-Packard, yomwe idatuluka mu 1979. Mmodzi mwa amene adakonza masamu a m'kati mwake ndi William Kahan, pulofesa wa ku Berkeley ku America, yemwe mu 1989 adalandira mphotho ya Turing. Mu 1980 iye adalemba m'magazini ya kampaniyo kufotokoza batani latsopanolo, ndipo sadabise kufooka kwake. Adaonetsa kuti njira iliyonse yodalira kulawa itha kupusitsidwa: ungoona malo omwe makina akulawapo, n'kupanga function yomwe ili ziro pamalo okhawo koma ili ndi kanthu pena ponse. Makina adzati ziro. Papita zaka zoposa 40, makina achita kusintha maonekedwe ndi liwiro, koma mfundo imeneyi siidasunthe. Pulogalamu ya pakompyuta kapena ya pafoni, ikakhala kuti ikuyerekeza ndi manambala, nayonso imalawa.

Chomwe chimandidetsa nkhawa si malikisi okha. Mwana ameneyu akamaliza sukulu adzakhala akuwerengetsera kukula kwa ngalande ndi milatho. Timitsinje tambiri kwathu kuno timakhala touma miyezi yambiri, kenako n'kusefukira usiku umodzi mvula ikagwa kumapiri. Munthu amene amapita kukayeza madzi kamodzi pamwezi atha kulemba ziro ulendo uliwonse, osanama ngakhale kamodzi, koma mlatho womangidwa potsatira buku lakelo n'kukokoloka. Ndi funso lomwe lija la belu, kungoti apa cholakwa sachonga ndi cholembera chofiira. Yankho lotuluka bwinobwino pagalasi, la manambala asanu ndi awiri oyalana mwadongosolo, limakopa maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi limodzi. Tisaletse ana makinawa, poti kuntchito akawapeza, ndipo pali ma integral ambiri, kuphatikizapo e^(−x²) yemweyu pakati pa manambala awiri wamba, omwe malamulo a papepala sangawamalize. Koma tiziwapatsa malikisi pa kuyerekeza. Mwana asadadine batani, alembe mzere umodzi: yankho likhala la plus kapena la minus, ndipo likhala pakati pa chakuti ndi chakuti. Kutalika kuchulukitsa ndi kufupika kwa bokosi lozinga mzerewo, basi. Mafunso onse asanu a mphwanga akadagwidwa ndi mzere umodzi umenewo. Sin x imakwera kufika pa 1 pamtunda woposa 3, ndiye 0.086 ndi yochepa mosayenera. 1/(x+1) siipitirira theka pakati pa 1 ndi 2, ndiye 1.69 ndi yosatheka. Zimatenga mphindi imodzi, ndipo ine amene ndikulalikira pano ndidataya ola ndi ndalama ya mabatire chifukwa chodumpha mphindi imeneyo.

Asadanyamuke, mphwanga adapempha pepala ndi selotepi. Adalemba mizere isanu n'kumata kuseri kwa chivundikiro cha kakyuletayo: ona MODE, werenganso mabulaketi, jambula graph pafupi ndi patali, dula pomwe pali dzenje, phiri kapena podutsa ziro, yerekeza usadadine. Ndidamuperekeza pokwerera minibasi atanyamula makina omwewo amene dzulo lake adati afa.

Lachitatu lotsatira foni idaliranso, nthawi yomweyo ya mgonero. Ulendo uno moni adapereka. Asayimenti adali atapereka Lolemba, ndipo funso la belu lija adakhoza. Koma chomwe adaimbira n'china. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi adapeza ziro pa funso lomwelo, pamakina ena, ndipo amakakamira kuti aphunzitsi ndiwo alakwitsa pochonga.

"Ndiye wamuuza chiyani?" ndidafunsa.

"Sindidamuuze kanthu, amalume. Ndangomupatsa pensulo kuti andipezere kutalika kwa mzerewo pa 0, pa 1 ndi pa 5. Pano wangoti zii, akuyang'ana pepala."